Makanema a kuntchito: tizisunga tokha kapena atisungire ena?

M'maofesi ambiri masiku ano, munthu akafuna kulongosolera mnzake ntchito salembanso chikalata cha masamba awiri. Amangodina batani, kompyuta n'kuyamba kujambula nkhope yake pamodzi ndi zonse zimene zili pasikirini, iye n'kumalankhula akuloza apa ndi apo. Pakatha mphindi zitatu watumiza linki, mnzake adzaonera akapeza mpata, kaya ali ku Lilongwe, ku Johannesburg kapena ku Leeds. Misonkhano yambiri yongotayitsa nthawi yathera pamenepa, ndipo n'zoyamikika. Chimene ambirife sitifunsa n'chakuti kanemayo akachoka pakompyuta yathu amakagona kuti, nanga ndani angamuone.

Kodi kusunga makanema pa seva yanu n'kutani?

Mukajambula ndi pulogalamu ngati Loom, kapena mukasankha kuti msonkhano wa pa Zoom usungidwe pa intaneti, kanemayo amapita kumakompyuta a kampaniyo. Chimene chimatsala m'manja mwanu ndi linki basi. Malonda amenewa si aang'ono: kampani ya Atlassian inagula Loom mu 2023 pamtengo wa madola pafupifupi 975 miliyoni.

Njira ina ndi yakuti bungwe lanu liike pulogalamu yogwira ntchito yomweyo pakompyuta imene likuiyang'anira lokha. Kompyuta imeneyo ndiyo seva. Ikhoza kukhala m'kachipinda ka mu ofesi mwanu, kapena mukhoza kuchita lendi m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo makompyuta, inu n'kumaiyendetsa muli kutali. Ya lendiyi ndiyo yofala, ndipo m'pofunika kuimvetsa bwino. Pulogalamu ndi makiyi ndi zanu, koma makinawo ali m'manja mwa eni nyumba, pansi pa malamulo a dziko limene nyumbayo ili.

Kakanema ka mphindi zitatu kangakhale ndi chiyani choti mpaka lamulo lilowererepo?

Kamanyamula zambiri kuposa kalata. Muli nkhope ndi mawu a wojambulayo, ndipo zimenezi pazokha n'zokwanira kumuzindikira munthu. Ngati akugwirira ntchito kunyumba, mukuonekanso chipinda chake, mwinanso mwana amene wadutsa kumbuyo. Koma vuto lenileni lili pasikirini. Wowerengera ndalama akufuna kuonetsa mzere umodzi wolakwika, koma tsamba limene watsegula lili ndi malipiro a ogwira ntchito onse. Wa kubungwe lothandiza anthu akuphunzitsa mnzake watsopano kadzazidwe ka fomu, ndipo chitsanzo chimene watenga ndi cha mayi weniweni: dzina, mudzi, nambala ya foni, matenda amene akudwala. Kujambula kuli mkati, pakona patulukira uthenga wa pa WhatsApp wochokera kwa m'bale wake. Anthu onsewa palibe anawafunsa, ndipo sakudziwa n'komwe kuti ali mukanema.

Kalata mukhoza kuifufuza polemba dzina la munthu, kompyuta n'kukupezerani paliponse pamene latchulidwa. Kanema safufuzika chomwecho. Dzina limene linaoneka kwa kanthawi pa mphindi yachiwiri limakhala momwemo zaka, popanda wolikumbukira. Palinso zimene pulogalamu imalemba mwakachetechete: ndani waonera, nthawi yanji, analekezera pati, anali pa intaneti ya kuti. Mapulogalamu ambiri tsopano amalembanso mawu onse olankhulidwa mukanema, ndipo nthawi zina ntchito imeneyi imakachitikira kukampani ina imene inu simunaimvepo. Mu August 2023 Zoom inadzudzulidwa kwambiri anthu ataona kuti mawu a mgwirizano wake akuoneka ngati akuilola kugwiritsa ntchito zojambulidwa pophunzitsa makompyuta ake a AI. Kampaniyo inasintha mawuwo n'kunena kuti sichita zimenezo. Chimene chinandikhudza ine pa nkhaniyo n'chakuti mawuwo anali atakhalapo miyezi ingapo anthu ambiri asanawawerenge.

Malamulo ake ndi ati?

Lodziwika kwambiri ndi GDPR la mayiko a European Union, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 25 May 2018. Chindapusa chake chikhoza kufika mayuro 20 miliyoni, kapena 4 peresenti ya ndalama zonse zimene kampani yapeza pachaka padziko lonse ngati zimenezo ndizo zikuposa. Britain itatuluka mu EU inasunga lamulo lofanana nalo. South Africa ili ndi POPIA, lomwe aliyense anayenera kukhala akulitsata pofika 1 July 2021. Zambia ndi Zimbabwe zinakhazikitsa awo mu 2021, ndipo Malawi ali ndi Data Protection Act ya 2024, yomwe inapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira. Maziko ake analipo kale, chifukwa gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza zinsinsi za munthu, kuphatikizapo mauthenga ake.

Amasiyana mwina ndi mwina, koma mtima wake ndi umodzi. Musatole za munthu popanda chifukwa chomveka, musatole zoposa zimene mukufunikira, muuzeni mwini wake, zitetezeni, ndipo ntchito yake ikatha musazisunge. Mwini wakeyo ali ndi ufulu wofunsa kuti mukusunga chiyani chokhudza iye. Malamulowa amasiyanitsanso amene wasankha kutola deta ndi amene akungomugwirira ntchito yosunga. Bungwe lanu limakhala woyambayo nthawi zonse, kaya makanema ali pa seva yanu kapena ya Loom. Zinthu zikalakwika, woyamba kufunsidwa ndinu.

Bungwe la ku Malawi kapena ku Zambia limene limagwira ntchito ndi anzake a ku Ulaya nthawi zambiri limakumana ndi GDPR m'mapangano amene limasainirana nawo, ngakhale lilibe ofesi kumeneko.

N'chifukwa chiyani nkhaniyi inakula kwambiri ku Ulaya?

Makampani ambiri a mapulogalamuwa ndi a ku America, ndipo malamulo a kumeneko amapatsa boma mphamvu zimene a ku Ulaya sagona nazo tulo. Edward Snowden ataulula mu 2013 mmene nthambi zaukazitape za America zinkatolera mauthenga a anthu, Max Schrems wa ku Austria, yemwe anaphunzira zamalamulo, anakadandaula kuti deta yake ya pa Facebook siitetezeka ikawoloka nyanja. Khoti lalikulu la EU linagwirizana naye kawiri. Mu 2015 linathetsa pangano la Safe Harbour lolola kutumiza deta ku America, ndipo pa 16 July 2020 linathetsanso lolowa m'malo mwake, Privacy Shield. Mu May 2023 kampani ya Meta, eni Facebook, inalamulidwa kulipira mayuro 1.2 biliyoni pa nkhani yomweyi yotumiza deta ku America. Pangano lachitatu linavomerezedwa mu July 2023, koma amene anaona awiri oyamba akugwa sangalidalire ndi mtima wonse.

Palinso lamulo la America la mu 2018 lotchedwa CLOUD Act, lomwe limalola boma kulamula kampani ya kumeneko kupereka deta imene ikusunga ngakhale makompyutawo ali ku Frankfurt kapena ku Cape Town. Ndiye kungosankha kuti makanema anu asungidwe ku Ulaya sikumaliza nkhani ngati mwini makompyuta ali wa ku America. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene boma la France linakhazikitsira Tchap mu 2019, pulogalamu yake yotumizirana mauthenga yomangidwa pa maziko a pulogalamu ina yotchedwa Matrix. Asilikali a Germany ali ndi yawo yomangidwa pa Matrix yemweyo, ndipo chigawo cha Schleswig-Holstein chakhala chikusamutsa ogwira ntchito m'boma kuchoka pamapulogalamu a Microsoft kupita pa ena monga LibreOffice ndi Nextcloud.

Ndiye ndikakhala ndi seva yanga, basi ndatsata lamulo?

Ayi, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonekera. Seva yanu imayankha funso limodzi lokha, lakuti deta ili m'manja mwa ndani komanso m'dziko liti. Mafunso ena onse amakhala chikhalire, ndipo ntchito yoteteza imene kampani ija inkakugwirirani imagwera pamutu panu. Mlimi amene wakana kusungitsa chimanga kwa ena n'kumanga nkhokwe yake wachita bwino, koma kuyambira tsiku limenelo anankafumbwe, chiswe, mvula ndi akuba ndi zake.

Mu April 2020 nyuzipepala ya Washington Post inapeza makanema zikwizikwi a pa Zoom ali poyera pa intaneti: misonkhano ya makampani, makalasi a ana a pulayimale, anthu akufotokozera alangizi mavuto a mumtima mwawo. Ambiri mwa makanemawo sanachokere m'makompyuta a Zoom. Anali amene eni ake anawasunga okha pamalo opanda pasiwedi, ndipo popeza Zoom inkatchula mafayilo ake mofanana, kuwapeza sikunali kovuta. Chaka chotsatira, mu March 2021, akuba a pa intaneti analowa m'maseva zikwizikwi a imelo a Microsoft Exchange amene mabungwe ankayendetsa okha, pamene amene imelo yawo inali pamakompyuta a Microsoft sanakhudzidwe ndi chibowo chimenecho. Chigamba chotsekera chibowocho chinatuluka, koma seva iliyonse inafunika munthu woti achiike, ndipo kumene munthuyo anachedwa akuba anafika msanga.

Sindikunena izi kuti ndikugwetseni ulesi. Kwa chipatala, ofesi ya maloya, bungwe losamalira ana kapena atolankhani amene ali ndi anthu ofunika kuwabisa, seva yanu ikhoza kukhala njira yokhayo yoyenera. Koma chisankhocho chisayambire pa makina. Chiyambire pa funso lakuti ndani, dzina lake lenileni, amene azidzuka Lolemba lililonse n'kuona ngati pali zigamba zatsopano, nanga iyeyo akadwala kapena akasiya ntchito agwire ndani.

Mapulogalamu oti munthu angaike pa seva yake ndi ati?

Pa misonkhano ya pompopompo pali Jitsi Meet, yomwe mizu yake ndi ntchito imene Emil Ivov anayamba mu 2003 ali pa yunivesite ya Strasbourg, komanso BigBlueButton, yochokera ku yunivesite ya Carleton ku Canada, yokondedwa m'masukulu. Nextcloud, ya ku Germany, yomwe Frank Karlitschek anaiyambitsa mu 2016, imasunga mafayilo ndipo ili ndi gawo la macheza ndi kuimbirana lotchedwa Talk. PeerTube, ya bungwe la Framasoft ku France, imakupatsani malo anuanu oonetserapo makanema, ndipo mukhoza kuitseka kuti aziona a m'bungwe lanu okha. Yofanana kwambiri ndi Loom ndi Cap, yomwe nayo imalola kuiika pa seva yanu.

Timagulu tambiri sitifunika zonsezi. Kujambula sikirini ndi OBS Studio, kapena ndi kapulogalamu kamene kamabwera kale m'kompyuta, kenako n'kuika fayiloyo pa Nextcloud ndi linki yokhala ndi pasiwedi komanso tsiku lothera, kumagwira ntchito yaikulu imene anthu amafunira Loom. Sizokongola mofanana, ndipo pali madinidwe awiri kapena atatu owonjezera. Musawapeputse madinidwe amenewa, chifukwa njira ikakhala yotopetsa anthu amabwerera mwakachetechete ku WhatsApp, kanema wa malipiro uja n'kukathera m'foni zawo.

Ndamva kuti pali encryption. Kodi siyokwanira?

Encryption ndi kusokoneza uthenga mwamasamu kuti wopanda kiyi asaumve. Funso n'lakuti kiyiyo ali nayo ndani. Kanema akamayenda pa intaneti amakhala wotsekedwa, ndipo ziphaso zotsekera njirayi zimapezeka mwaulere ku Let's Encrypt. Koma akafika pa seva nthawi zambiri amatsegulidwa, chifukwa sevayo iyenera kumusintha kukula, kumukonzera kachithunzi ndi kumutumiza kwa oonera. Izi zikutanthauza kuti woyang'anira seva akhoza kuonera chilichonse. Njira yotseka kuchokera kwa wotumiza mpaka kwa wolandira, moti ngakhale seva siona, ilipo m'mapulogalamu ena, Jitsi ndi Matrix mwa zitsanzo, koma mu Jitsi muyenera kuiyatsa nokha, ndipo siyendera limodzi ndi kujambulira msonkhano pa seva. Mu November 2020 bungwe la FTC ku America linasainitsa Zoom pangano litainena kuti inkauza anthu kuti ili ndi chitetezo chamtunduwu pamene makiyi inali nawo yokha.

Pa seva yanu, munthu wokhala ndi makiyi si mlendo wa kutsidya kwa nyanja. Ndi mnzanu amene mumadya naye nkhomaliro, yemwe amawadziwa anthu a m'makanemawo. Kwa wogwira ntchito amene wajambula dandaulo lake kupita kwa abwana, zimenezi zikhoza kuopsa kuposa boma la America. Pakhale kaundula wosonyeza nthawi iliyonse imene woyang'anira watsegula kanema wa wina, ndipo kaundulayo aziwerengedwa ndi munthu wina, osati iye yemweyo.

Zimadya ndalama zingati?

Mapulogalamu ambiri amene ndatchulawa ndi aulere. Chodula ndi malo osungira, intaneti, magetsi ndi munthu. Kanema wooneka bwino pang'ono amadya mamegabaiti 10 kapena kuposerapo pamphindi. Tiyerekeze kuti muli anthu 20, aliyense akujambula makanema atatu a mphindi zisanu pasabata. Ndi mphindi 300, kapena kuti magigabaiti atatu pasabata, oposa 150 pachaka, musanawerengere makope osungira pena. Malo amenewa si ambiri masiku ano. Chimene chimavuta ndi njira, chifukwa aliyense woonera ali kunja kwa ofesi amakoka kanemayo kudzera pa intaneti ya ofesi yanu. Kumene magetsi amathimathima, seva ya m'kachipinda imafuna mabatire kapena sola, apo ayi mnzanu wa ku London adzapeza linki yakufa nthawi imene akuifuna. Mukathawira ku seva ya lendi ku South Africa kapena ku Germany, magetsi mwathana nawo, koma deta yatuluka m'dziko, ndipo muyenera kuona zimene lamulo la kwanu likunena pa zotumiza kunja.

Munthu akapempha kuti timufufute m'makanema athu, timatani?

GDPR imapereka mwezi umodzi woti muyankhe pempho lotere, ndipo nthawi zina mumaloledwa kukana, mwachitsanzo ngati lamulo lina likukukakamizani kusunga. Koma kuti muvomere kapena kukana muyenera kudziwa kaye kuti munthuyo ali m'makanema ati. Apa seva yanu ili ndi ubwino weniweni, chifukwa mukafufuta mukudziwa kuti mwafufutadi, simukungodalira mawu a kampani. Kumbukirani makope osungira pena. Kanema amene mwamufufuta lero akhoza kudzukanso miyezi itatu ikubwerayi seva ikawonongeka n'kubwezeretsedwa kuchokera pa kope lakale.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi yosasunga. Makanema ambiri a kuntchito amatha ntchito sabata lisanathe. Ikani kuti aliyense azifufutika yekha pakatha masiku 30 kapena 90, kupatula amene wina wanena chifukwa chowasungira, monga ophunzitsira antchito atsopano. Ophunzitsirawo ajambulidwe ndi mayina opeka, osati a anthu enieni. Kanema amene kulibe sangabedwe, ndipo palibe angakufunseni za iye.

Kodi abwana angagwiritse ntchito makanemawa poona amene akulimbikira ntchito?

Makina amalola, koma lamulo limakayikira kwambiri. Kanema amene anajambulidwa pofuna kulongosola ntchito sayenera kusanduka mwakachetechete umboni pa mlandu wa munthu, chifukwa deta imatoledwa ndi cholinga chimene mwini wake anauzidwa. Kusainitsa antchito fomu yovomereza sikuthandiza kwenikweni. Oyang'anira malamulowa ku Ulaya amati chilolezo cha wantchito kwa bwana wake n'chofooka, popeza wofuna kusunga ntchito sangakane momasuka. Mu October 2020 kampani ya zovala ya H&M inalipitsidwa mayuro 35.3 miliyoni ku Hamburg chifukwa mabwana a pa ofesi yake ya ku Nuremberg ankalemba ndi kusunga za matenda, mabanja ndi zipembedzo za antchito. Zinali pamakompyuta a kampaniyo, ndipo zinaululika pamene fayiloyo inatseguka mwangozi kwa ogwira ntchito onse kwa maola angapo.

Nanga seva ikathyoledwa?

Pansi pa GDPR muli ndi maola 72 kuchokera pamene mwadziwa kuti mudziwitse oyang'anira, ndipo ngati anthu ali pachiopsezo chachikulu muyenera kuwauza iwonso. Kampani yaikulu ili ndi anthu olondera usiku ndi usana. Inu mukhoza kutha miyezi osadziwa kuti mlendo analowa. Lembani pasadakhale, pa pepala lenileni, kuti woimbiridwa foni ndani, wozimitsa seva ndani, wolemba kalata yodziwitsa ndani.

Tili anthu asanu ndi atatu ndipo tilibe katswiri wa makompyuta. Tichite chiyani?

Musaike seva. Ndikunena mosabisa, chifukwa seva yosasamalidwa ndi yoopsa kuposa kampani yodalirika imene mwapangana nayo bwino. Lipirani ntchito ya kampani, osati kugwiritsa ntchito maakaunti aulere amene aliyense watsegula ndi imelo yakeyake, chifukwa makanema a pa akaunti yotero amapita ndi mwini wake akachoka. Sainiranani pangano lonena zimene kampaniyo ingachite ndi deta yanu, makampani ena amene imagawana nawo, ndi dziko limene ikusungira. Pali makampani, makamaka ku Ulaya, amene amayendetsera ena Nextcloud kapena Jitsi pamtengo wapamwezi. Imeneyi ndi njira yapakati yabwino, ndipo tsiku limene mudzapeze katswiri mukhoza kusamutsa zonse osasintha pulogalamu.

Kenako konzani zimene zili m'manja mwanu, zomwe sizifuna katswiri. Zimitsani kachitidwe kolola aliyense amene ali ndi linki kuonera, kuti woonera azilowa ndi akaunti yake. Aliyense akhale ndi chitetezo chachiwiri pambali pa pasiwedi, monga nambala yobwera pafoni. Musanajambule, tsekani masamba ena onse, zimitsani mauthenga otulukira pakona, ndipo jambulani windo limodzi m'malo mwa sikirini yonse. Za odwala, za ana ndi za malipiro zisalowe mukanema pokhapokha ngati palibiretu njira ina. Munthu akasiya ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo, ndipo makanema ake aperekedwe kwa wina woti awaone n'kufufuta osafunika mwezi usanathe.